Laisensi yanga ndi ya galimoto yaing'ono, koma alamu akuti ndiwayendetsere thiraki

Wa_Pikiapu analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumayendetsa mathiraki kapena mumadziwa malamulo ake.

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, agula thiraki yakale yonyamulira katundu, ya matayala khumi, yopanda ngolo. Dalaivala amene anamupeza sanakhalitse, wapita kwina, ndiye galimoto yangokhala pabwalo. Tsopano maso onse ali pa ine poti m'banja mwathu woyendetsa ndine ndekha. Laisensi yanga ndi ya galimoto yaing'ono. Pikiapu yamagiya ndayendetsa zaka zambiri ndithu ndipo sindinagundepo ngakhale nkhuku.

Alamu akuti galimoto ndi galimoto basi, chiwongolero n'chimodzi, zopondera ndi zitatu zomwezo. Akutinso popeza thirakiyo ndi ya pabanja ndipo sindilembedwa ntchito ngati dalaivala, lamulo silikundikhudza, makamaka masiku oyambawa pamene tiziyenda nayo yopanda katundu kuti ndizolowere. Amalankhula motsimikiza kwambiri moti pena ndimayamba kuwakhulupirira, koma ndikaima pafupi ndi tayala lake lakutsogolo mtima umakana.

Ndiye ndifunse. N'zoona kuti ikakhala yopanda katundu munthu wamba akhoza kuiyendetsa ndi laisensi yaing'ono? Ngati pakufunika ina, ndiyambire pati, ndipo amayesa chiyani? Ndimavala magalasi a maso, kodi sandibweza? Komanso ngati ndikupita kusukulu, ndingotenga laisensi ya thiraki ngati iyi kapena ndilumphire ya ngolo yomwe? Ndikufunsa chifukwa alamu akulota zogula mutu ndi ngolo chaka chamawa.

Dalaivala_Wopuma analemba:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Alamu anuwo ndikuwalemekeza, munthu wogula thiraki si wamasewera, koma pa mfundo zawo ziwirizo aphonya zonse.

Musanachite china chilichonse, katseguleni chitseko cha dalaivala muyang'ane pamphuthu pake kapena pa chasisi. Pali kachitsulo kokhomedwa kolembedwa manambala, ndipo imodzi mwa manambalawo imatsagana ndi zilembo GVM kapena GVW. Ikupezekanso m'buku la galimoto. Nambala imeneyo ndi kulemera konse kumene opanga anailoleza galimotoyo ikadzaza, kuphatikiza thupi lake, mafuta, dalaivala ndi katundu. Laisensi imatsatira nambala imeneyo, osati zimene mwanyamula tsikulo. Kaya kumbuyoko muli simenti, kaya muli mphepo yokha, wapolisi akakuimitsani amawerenga kachitsulo komweko. Sakufunsani ngati mumalandira malipiro, sakufunsani ngati mwini wake ndi mlamu wanu.

Simunatchule dziko limene muli, ndiye ndinena zimene ndikudziwa. M'mayiko ambiri laisensi ya galimoto yaing'ono, ya kalasi B, imathera pa makilogalamu 3,500. Ku South Africa ndi m'mayiko otsatira makalasi a SADC, pamwamba pa B pali C1 yofika makilogalamu 16,000, kenako C ya galimoto yoposa pamenepo. Zokoka ngolo yolemera zimayamba ndi chilembo E, ndipo EC ndiyo ya mutu ndi ngolo zoposa makilogalamu 16,000. Madalaivala akale timatchulabe mayina akale aja, Code 8, Code 10 ndi Code 14. Thiraki ya matayala khumi kawirikawiri imapitirira matani 20 ikadzaza, choncho ngakhale C1 singakupulumutseni. Yanuyo ndi ya C.

Ndipo laisensi payokha sikwanira. Mayiko ambiri amafuna chilolezo china cha dalaivala wa magalimoto a ntchito. Ku South Africa chimatchedwa PrDP, chimafunika pa galimoto iliyonse ya katundu yoposa makilogalamu 3,500, ndipo chimatha pakapita zaka ziwiri. Kuti akupatseni amafuna kalata ya dokotala ndiponso amafufuza ngati muli ndi milandu. Wonyamula katundu wamba ayenera kukhala ndi zaka 18, wonyamula anthu 21, wonyamula mafuta kapena mankhwala oopsa 25. Kwanu dzina likhoza kukhala lina, koma mukapita ku ofesi ya zamsewu mukafunse zinthu ziwirizi padera: kalasi ya laisensi, ndi chilolezo chogwirira ntchito.

Zimenezo ndi zapepala, ndipo kunena zoona ndi mbali yosavuta. Tsopano ndikuuzeni chifukwa chake mawu akuti galimoto ndi galimoto amandinyansa.

Mabuleki a pikiapu yanu ndi amafuta, mukaponda amagwira nthawi yomweyo. A thiraki ndi ampweya. Injini imapopera mpweya m'matanki, ndiye mukaponda, mpweyawo uyende kaye m'mapaipi mpaka kumatayala. Pamatenga pafupifupi theka la sekondi. Zikumveka zochepa, koma pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imadya mamita 22 sekondi iliyonse. Ndiye kuti mwayenda mamita 11 phazi lili pansi, mabuleki asanayambe n'komwe ntchito. Onjezerani kulemera kwa matani 20 amene akukukankhani kumbuyo. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Mwana akatulukira pamsewu, masamu amenewa simuwachita ndi mutu. Ayenera kukhala atalowa kale m'phazi, mukhale mutasiya kale mpata waukulu kutsogolo.

Chachiwiri, mpweya umatha. Munthu wozolowera galimoto yaing'ono amakonda kupondaponda buleki, ndipo pa thiraki kuponda kulikonse kumatulutsa mpweya m'thanki. Mukapondaponda mopitirira mmene injini ikupopera, muvi wa geji umatsika, kabelu kamayamba kulira, ndipo ukatsikiratu masipuling'i amamanga okha matayala akumbuyo. Amamanga pamene afunira iwo, kaya muli pakati pa mlatho kaya pakona. N'chifukwa chake m'mawa dalaivala saliza injini n'kunyamuka. Amadikira mpweya udzaze, amazimitsa injini, amaponda buleki n'kugwira mphindi imodzi akuyang'ana ngati muvi ukutsika. Mabuku a mayeso a ku America amati pa thiraki yopanda ngolo usatsike kuposa 3 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya pa geji) pa mphindiyo, ya ngolo 4 psi. Amatsegulanso timipopi tapansi pa matanki kuti madzi amene aunjikana atuluke. Woyesa amayang'ana zonsezi, ndipo anthu ambiri amalephera mayeso galimoto isanasunthe.

Chachitatu ndi mtsetse, ndipo apa ndi pamene anzathu ambiri anatsikira kuli chete. Mabuleki akagwira nthawi yaitali amatentha, chitsulo cha dilamu chimafutukuka n'kutalikirana ndi zogwirira zake. Mumaponda, phazi likulowa, fungo lopserera likumveka, koma galimoto ikungowonjezera liwiro. Mankhwala ake ndi kusankha giya yotsika mukadali pamwamba, musanayambe kutsetsereka, n'kusiya injini ndi ekizozi buleki kapena ritada, zipangizo zochepetsa liwiro popanda buleki ya phazi, zigwire ntchito. Buleki ya phazi mumangoiponda mwamphamvu kanthawi kochepa, liwiro litsike pang'ono, n'kuisiya ipume. Akale ankati tsikira giya imene unakwerera. Mathiraki amakono ali ndi mphamvu zambiri pokwera, choncho potsika pamafunika giya yotsikirapo kuposa imeneyo. Ndipo alipo madalaivala amene amachotsa giya pamtsetse kuti apulumutse mafuta akagulitse. Liwiro likakwera giya silowanso. Amenewo musakwere nawo, ngakhale atakhala abale anu.

Za kuyenda yopanda katundu kuti muzolowere, alamu akuganiza kuti n'kuchepetsa ngozi. Si choncho kwenikweni. Mabuleki ndi masipuling'i a thiraki anawapangira katundu. Ikakhala yopanda kanthu matayala akumbuyo sakanirira pansi, amadumphadumpha, ndipo mukaponda mwadzidzidzi pamsewu wonyowa amamanga n'kuyamba kutsetsereka cham'mbali. Yakale ngati imene mukunenayo n'kutheka ilibe ABS, makina oletsa matayala kumangiratu poponda buleki.

Kwatsala makona ndi magalasi. Mu pikiapu mumakhala kumbuyo kwa matayala akutsogolo, pamene m'mathiraki ambiri mumakhala pamwamba pake penipeni, ndiye mumayenera kulowa kaye pakona musanakhote. Matayala akumbuyo satsata njira ya akutsogolo, amadula chamkati. Wanjinga amene waima pakona mbali ya pasenjala simukumuona, ndipo ndi pomwepo pamene matayala akumbuyo adzere. Galasi lapakati loonera kumbuyo mulibe. Kutsogolo kwenikweni pansi pa windisikirini munthu wamfupi akhoza kudutsa inu osadziwa.

Pitani kusukulu, achimwene. Thiraki iyembekeze, siwola.

Mayi_Wa_Mafayilo analemba:

Bambo Dalaivala_Wopuma anena zambiri, ine ndingowonjezera za ku ofesi, poti ntchito yanga ndi yolemba madalaivala pa kampani ina yonyamula katundu ndi kusunga mapepala awo.

Za magalasi musade nkhawa, achimwene. Madalaivala athu angapo amavala. Chimene dokotala amafuna n'chakuti muziona bwino mutawavala, diso lililonse palokha, komanso muziona zam'mbali osatembenuza mutu. Akatero amalemba pa laisensi kuti muziyendetsa mutavala magalasi, ndipo tsiku limene mwawaiwala kunyumba ndiye kuti mwaphwanya lamulo. Sungani ena apadera m'galimoto. Amayesanso makutu, kuthamanga kwa magazi ndi shuga. BP ndi shuga nthawi zambiri sizimutsekera munthu njira ngati akumwa mankhwala ndipo zili m'malo mwake. Zimene zimavuta ndi khunyu, kukomoka mosadziwika bwino, ndi matenda ena a mtima. China chimene amuna amachiseka ndi mkonono. Munthu woliza mkonono kwambiri, amene mpweya umaduka ali m'tulo, amadzuka ngati sanagone, ndipo masana amasinza pachiwongolero. Ngati akunyumba amadandaula za zimenezi, kamuuzeni dokotala, chithandizo chilipo.

Koma chimene ndikufuna alamu anu amve ndi inshuwalansi. Pa pepala lililonse la inshuwalansi limene ladutsa m'manja mwanga pali mawu akuti woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera galimotoyo. Mukachita ngozi ndi laisensi ya B, a inshuwalansi amayamba kupempha kope la laisensi asanafunse n'komwe kuti wolakwa ndani. Akaona kalasi yolakwika, fayilo amatseka. Thiraki yawonongeka, katundu wa eni wawonongeka, galimoto ya munthu wina yaphwanyika, zonsezo zituluke m'thumba la banja. Ndipo m'mayiko ambiri mwini galimoto amene wapereka makiyi kwa munthu wopanda laisensi yoyenera nayenso ali ndi mlandu wake. Pakafa munthu, amene amakaima m'khoti ndi inu amene munali pachiwongolero.

Galimotonso ili ndi mapepala akeake: chiphaso chosonyeza kuti anaiyesa ndipo ili bwino, msonkho wa pamsewu, chilolezo chonyamulira katundu wamalonda, ndi inshuwalansi ya katundu amene ali m'njira, yomwe ndi yosiyana ndi ya galimoto. Dalaivala ndi amene amaima pamsewu kuyankha za mapepalawa, choncho muwaone ndi maso anu musanakwere.

Ife munthu akabwera ndi laisensi yatsopano sitimupatsa thiraki yekha. Amayamba wayenda ndi dalaivala wamkulu kwa miyezi, ndipo ngakhale wobwera ndi makalata a kumene ankagwira timamuyesa tokha pabwalo. Laisensi yogula imaonekera pomwepo. Munthu ali ndi EC m'thumba koma sakudziwa paipi yofiira ya mpweya wa mabuleki a ngolo ndi iti.

Pomaliza, ndi nkhani ya m'banja ndipo mwina sizikundikhudza, koma mawu akuti simulembedwa ntchito andidetsa nkhawa. Ndani alipire sukulu? Chindapusa cha pasikelo alipire ndani? Mukavulala? Khalani pansi ndi alamu pamaso pa achemwali anu, mulembe. Dzifunseninso chimene chinachotsa dalaivala woyamba uja.

Wausiku_CE analemba:

Ine ndikuyendetsa ku Ulaya kuno, ndiye ndiponyepo za mbali ino kuti wina amene akuwerenga ali kunja asasokonezeke.

Samalani ndi zilembo, zimafanana koma malire ake ndi osiyana. C1 ya kuno imathera pa makilogalamu 7,500, osati 16,000. Yoposa pamenepo ndi C, ya ngolo ndi CE. Pamwamba pa laisensi pali maphunziro a madalaivala a ntchito otchedwa Driver CPC, amene m'mayiko a EU amaoneka ngati nambala 95 pa khadi, ndipo zaka 5 zilizonse umabwerera m'kalasi maola 35. Zaka zoyambira C ndi 21, koma wochita maphunziro athunthu a CPC akhoza kuyamba ali ndi 18. Wonyamula zinthu zoopsa amafunikanso chiphaso cha ADR.

Mfundo ya alamu anu ili ndi kachoonadi kakang'ono kuno: munthu wonyamula katundu wake, osati wamalonda, CPC samufunsa. Koma kalasi ya laisensi imakhalabe yomweyo, palibe kuchotsera. Ku Britain amene anakhoza mayeso a galimoto yaing'ono chisanafike chaka cha 1997 anapatsidwa C1 yaulere, n'chifukwa chake mumaona agogo akuyendetsa lole ya matani 7.5. Ku America malire ali pamwamba, laisensi ya mathiraki, yotchedwa CDL, imayambira pa mapaundi 26,001, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 11,800, ndiye munthu wamba amabwereka lole yosamukira n'kuyendetsa ndi laisensi yake ya masiku onse. Mavidiyo otere anthu amawaona pa YouTube n'kumaganiza kuti ndi mmene zilili paliponse. Komweko ku America, kuti udutse ndi katundu malire a boma lina kupita lina uyenera kukhala ndi zaka 21, kalata ya dokotala siipitirira zaka ziwiri, ndipo mlingo wa mowa m'magazi wololedwa kwa dalaivala wa thiraki ndi 0.04, theka la wa anthu ena m'maboma ambiri.

Chimene sindinachione chikutchulidwa pamwambapa ndi maola. Kuno umayendetsa maola 9 patsiku, kawiri pamlungu ukhoza kufika 10. Ukayenda maola anayi ndi theka uyenera kupuma mphindi 45. Pamlungu usapitirire maola 56, pa milungu iwiri 90. M'galimoto muli makina a tachograph amene umalowetsamo khadi lako, amalemba chilichonse, ndipo apolisi akakuimitsa amawerenga za masabata apitawo, osati za lero zokha. Poyamba zinkandikwiyitsa, kuima pamalo opumira pamene kwatsala pang'ono kufika. Panopa ndimaona kuti makinawo amanditeteza kwa bwana. Akaimba foni kuti fulumira, ndimangoti khadi lakana. Kumene kulibe makina otere, wokana ndiwe wekha ndi pakamwa pako, ndipo kukanira mlamu n'kovuta kuposa kukanira bwana.

Sipanala_17 analemba:

Aaa inu mukumuopseza mnzathuyu. Ine sukulu sindinaiponde kuti ndidziwe thiraki. Ndinayamba ngati wothandizira, kumanga matenti, kusintha matayala, kuthira girizi. Kenako bwana ankandipatsa ndiisunthe pabwalo, kenako pamsewu wopanda anthu. Pofika tsiku la mayeso ndinali ndikuidziwa kuposa wondiyesayo. Masukulu ambiriwa amangokuzungulitsa ndi kalole kopanda katundu, ukatuluka sudziwa ngakhale kumanga lamba pa katundu. Aise Wa_Pikiapu, peza dalaivala wabwino uziyenda naye, pepala lidzakupeza m'njira.

Wa_Pikiapu analemba:

Zikomo nonse. Ndapita kukayang'ana kachitsulo kaja, palembedwa 26,000. Ndawerengera alamu zimene mwalemba Mayi_Wa_Mafayilo za inshuwalansi, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti sukuluyo imatenga nthawi yaitali bwanji. Ndiye zikuoneka kuti tikupita kusukulu. Achemwali ndi amene akondwa kwambiri.

Bambo Dalaivala_Wopuma, funso la ngolo lija simunaliyankhe. Nditenge C kapena EC? Ndipo mukuti bwanji pa zimene anena a Sipanala?

Dalaivala_Wopuma analemba:

A Sipanala sakunama, inenso ndinakulira pampando wa kumanzere kwa dalaivala wina, ndipo zimene ndinaphunzira kumeneko palibe sukulu ikanandipatsa. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti pepala lidzakupeza m'njira. Iwo anadutsa bwino, ndi mwayi wawo. Msewu wopanda anthu uja tsiku lina umakhala ndi munthu. Njira yake ndi iyi: lembani mayeso a malamulo mutenge chilolezo cha wophunzira cha kalasi yaikuluyo. Chimenecho chimakulolani kugwira chiwongolero pamsewu bola pambali panu pakhale munthu wa laisensi ya kalasi yomweyo. Pamenepo malangizo a a Sipanala agwira ntchito popanda wophwanya lamulo. Alamu apeze dalaivala wodziwa, galimoto iyambe kupanga ndalama, inu muziyenda naye. Funsani a inshuwalansi kaye ngati akulola wophunzira.

Za C ndi EC zimatengera kwanu. Ku South Africa munthu wa zaka 18 akhoza kulunjika EC. Ku Britain analola mu 2021 kuti wa laisensi yaing'ono ayesedwe ya ngolo osadzera pa C. Ku Australia ndi makwerero: uyambe wakhala ndi laisensi yaing'ono, ukwere ya lole yopanda ngolo, ukhale nayo chaka, kenako ya ngolo. Ngati kwanu amalola kulumpha ndipo ndalama ilipo, tengani EC, chifukwa imaphimba C ndipo simudzabwereranso pamzere. Koma kukhala nayo m'thumba sikutanthauza kuti chaka chamawa mukoke ngolo nokha. Yambani mwaidziwa ya matayala khumiyi m'nyengo yadzuwa ndi yamvula yomwe.

Ngolo ndi nkhani ina. Pobwerera m'mbuyo mukakhotetsa chiwongolero kumanja, ngolo imapita kumanzere, ndipo mukachedwa kubweza imapindika mpaka kugunda mutu. Manja amene azolowera pikiapu amakana zimenezi kwa nthawi ndithu. Bwererani chakumbali yanu ya dalaivala pamene mungathe, chifukwa mbali inayo simuona kanthu, ndipo mukakayika imani, tsikani mukaone. Madalaivala amene amakusekani potsika si amene adzalipire khoma la eni.

Polumikiza mutu ndi ngolo pali chimbale chachitsulo kumbuyo kwa mutu, chimene chimaluma chikhomo cha pansi pa ngolo. Mukamva kuti khwa, musakhulupirire khutu. Ikani giya yoyamba mabuleki a ngolo ali omanga, kokani pang'ono mumve ngati yagwira. Kenako tsikani ndi tochi, lowani pansi muone ndi maso kuti nsagwada zatseka ndipo pakati pa chimbale ndi ngolo palibe mpata. Mukatero lumikizani mapaipi ampweya ndi waya wa magetsi, kwezani miyendo ya ngolo mpaka pamwamba. Ngolo yogwa pageti la kasitomala imachotsa munthu ntchito tsiku lomwelo, yogwa pamsewu imapha.

Katundu nayenso ndi udindo wanu ngakhale akweze ndi ena. Pasikelo sayesa kulemera konse kokha, amayesa ekiselo iliyonse. Mukhoza kukhala pansi pa matani 26 anuwo koma n'kulipitsidwa chifukwa katundu yense waunjikana kumbuyo. Wolemera apite pansi ndi pakati, ndipo mukayenda pang'ono imani mukokenso malamba, chifukwa katundu amakhazikika m'njira n'kuwamasula. Tsiku lina alamu akadzati pali ntchito yonyamula madzi kapena mafuta m'thanki, kumbukirani mmene madzi amachitira m'ndowa yosadzaza: mukaima amakukankhani, mukakhota amathamangira mbali imodzi. Imeneyo musaivomere chaka choyamba.

Posankha sukulu musafunse mtengo wokha. Funsani kuti galimoto yophunzirira ndi yotani. Ikhale ya mabuleki ampweya enieni ndiponso yamagiya. M'mayiko ena, monga ku America, ukayesedwa pa otomatiki amakulembera pa laisensi kuti yamagiya usagwire, chimodzimodzinso ukayesedwa pa yopanda mabuleki ampweya. Thiraki yakale ya alamu anuyo ndikukhulupirira ili ndi giyabokosi ya magawo awiri, ya kabatani pandodo kosinthira magiya apansi ndi apamwamba, ndipo mwina imafuna kuponda kalachi kawiri posintha. Funsaninso kuti pa ola limene mwalipira, mphindi zingati mudzakhale pachiwongolero inuyo, chifukwa ena amalowetsa ophunzira asanu m'galimoto imodzi n'kumawerengera aliyense ola lathunthu. Mujambule ndodo ya magiyayo ndi geji ya mpweya mutumize pano, ndikuuzani kuti ndi mtundu uti.